Pa mpikisano wa wailesi, mapointi ndi a malo, koma khutu ndi lako

Zotsatira za mpikisano wa CQ World Wide DX zikatuluka, ndimayamba ndatsegula tsamba la Africa. Chaka ndi chaka masiteshoni a pamwamba amachokera komwe komwe kuja: Morocco, zilumba za Canary, Madeira, Cape Verde. Tsiku lina ndinkawerenga tsambali ndili ndi mnyamata amene ndimamuphunzitsa Morse, kutumiza zilembo pa wailesi ndi timadontho ndi timizere, Loweruka masana. Anatsitsa chala pa kompyuta, kutsika, kutsika, mpaka anapeza siteshoni yoyamba ya kuno kwathu kum'mwera. Kenako anandiyang'ana nati, "Madala, ndiye ife timachezeranji usiku wonse masiku awiri, poti opambana amadziwika kale?"

Funso limeneli ndi la nzeru ndipo sindinafune kulizemba. N'zoona kuti mbali yaikulu ya mndandanda uja imakhala italembedwa mpikisano usanayambe. Amaulemba ndi malo amene siteshoni yaima, kutalika kwa mlongoti ndi ndalama zimene zinalowa mu eriyo. Chimene ndikukana ine n'chakuti mndandandawo ndiwo zotsatira zenizeni za munthu amene wakhala pa wailesi. Zotsatira zakezake zili pa pepala lina, ndipo ambiri salitsegula n'komwe. Tifikako.

Kwa amene nkhaniyi ndi yachilendo: wailesi ya amateur si youlutsa nyimbo kapena nkhani. Ndi ya munthu wamba amene walandira laisensi, kuno ku Malawi kuchokera ku MACRA, ku Zambia kuchokera ku ZICTA, kuti azilankhulana ndi anzake a mayiko ena pa mafunde a wailesi popanda foni kapena intaneti. Aliyense amapatsidwa call sign, dzina la pa wailesi, ndipo zilembo zoyamba zimaulula dziko lake. Malawi ndi 7Q, Zambia 9J, Mozambique C9, Zimbabwe Z2, South Africa ZS. Mpikisano wa CQ World Wide unayamba mu 1948. Wa mawu umachitika Loweruka ndi Lamlungu lomaliza la Okutobala, wa Morse kumapeto kwa Novembala, uliwonse maola 48. Kuno umayamba 2 koloko usiku wakuchera Loweruka n'kutha 2 koloko usiku wakuchera Lolemba. Mabandi, kapena kuti magawo a mafunde a wailesi, ndi asanu ndi limodzi, a mamita 160, 80, 40, 20, 15 ndi 10. Mumapatsana zinthu ziwiri basi, ripoti ya mmene mukumvanira ndi nambala ya zoni. Dziko lapansi analigawa mazoni 40, ndipo Malawi, Mozambique, Tanzania ndi Kenya tili mu zoni 37, Zambia mu 36, Zimbabwe ndi South Africa mu 38.

Pagona nkhani ndi pa kawerengedwe ka mapointi. Ukalankhula ndi siteshoni ya kontinenti ina, umapeza mapointi 3. Ya dziko lina koma kontinenti yako yomwe, pointi imodzi, kupatula ku North America komwe amapatsana 2. Ya m'dziko lako lomwe, palibe pointi. Mapointi onsewo amawachulukitsa ndi chiwerengero cha mayiko ndi mazoni amene wawapeza pa bandi iliyonse, zimene eni ake amangoti ma mult.

Tsopano taganizani za anthu awiri aluso lofanana, mawailesi ofanana. Wina ali ku Germany, wina ali pa chilumba cha Gran Canaria. Onse alankhula ndi masiteshoni 1,000 a ku Ulaya ndipo onse ali ndi ma mult 300. Wa ku Germany, ngakhale titati palibe Mjeremani mnzake ndi mmodzi yemwe mu logi yake, kaundula wa amene walankhula nawo, ali ndi 300,000. Wa ku Gran Canaria ali ndi 900,000, chifukwa pa mapu a mpikisano chilumba chake ndi Africa ngakhale chili pakhomo penipeni pa Ulaya. Palibe chimene wachita choposa mnzake. Wangokhala tsidya loyenera la mzere. N'chimodzimodzi ndi Aruba, Curaçao ndi Bonaire: zilumbazi zili pafupi ndi gombe la Venezuela, zimawerengedwa ngati South America, choncho Mmereka aliyense amene zalankhula naye ndi mapointi 3, ndipo Ulaya nayenso ndi mapointi 3. N'chifukwa chake mayina ngati PJ2T ku Curaçao, CN3A ku Morocco ndi D4C ku Cape Verde sasowa pamwamba. D4C yokha ili pa phiri la Monte Verde pa chilumba cha São Vicente, mamita oposa 700 pamwamba pa nyanja, mbali zonse kuli madzi amchere amene amathandiza mafunde kunyamuka chogona. Ambiri amene amakhala pa mawailesi amenewa ndi alendo okwera ndege kuchokera ku Ulaya ndi ku America, amabwera sabata imodzi n'kubwerera.

Sindikuwanyoza. Kulankhula ndi masiteshoni mazana angapo pa ola limodzi, osalakwitsa, maola 48 osagona mokwanira, si ntchito ya masewera, ndipo kumanga siteshoni pa phiri la mphepo ya mchere kumadya zaka za moyo wa munthu. Ndikungonena kuti tsamba lolembedwa Africa silikunena za Africa amene ine ndi mnyamata uja tikukhalamo.

Wina atha kunena kuti, nanga si inunso muli mu Africa, ndiye Mzungu aliyense ndi mapointi 3? Eya, pa pepala tili ndi mwayi womwewo. Koma mafunde a wailesi sayenda pa pepala. Amakwera kumwamba, n'kukagunda mpweya wa ionosphere, n'kubwerera pansi, ndipo kudumpha kumodzi kotere sikupitirira makilomita pafupifupi 4,000. Wa ku Morocco amafika mbali yaikulu ya Ulaya ndi kudumpha kumodzi, ndiye ngakhale mabandi ovuta a 80 ndi 160 amamutsegukira usiku wonse. Ife pakati pa Lilongwe ndi Germany pali makilomita oposa 7,000, kudumpha kawiri kapena katatu, ndipo kudumpha kulikonse kumadya mphamvu. Komanso njira yathu yopita kumpoto imadutsa pafupi ndi kum'mawa kwa DRC, amodzi mwa malo amene mphezi zimang'anima kwambiri padziko lonse. Okutobala ndi Novembala ndiyo nthawi ya chizimalupsa ndi mabingu oyamba kwathu kuno. Mphezi iliyonse imalowa m'mahedifoni ngati munthu akuthyola nkhuni zouma pafupi ndi khutu. Pa 80 pamakhala usiku wina womwe umamva kuti kuli anthu akukuitana, koma zilembo zawo zikuphwanyika chimodzichimodzi. Bandi imene yakutsekekera si mapointi okha amene wataya, ndi ma mult onse a bandi imeneyo, ndipo m'masamu ochulukitsa kutaya kotero kumapweteka kawiri.

Pali chinanso chimene anthu ambiri sachiganizira. Eriyo ya Yagi, imene Shintaro Uda ndi Hidetsugu Yagi anaitulukira ku Sendai m'dziko la Japan mu 1926, imamva kwambiri kutsogolo, pang'ono kumbuyo, ndipo cha m'mbali imakhala ngati yogontha. Mzungu wa ku Ulaya m'mawa amaloza Yagi yake kum'mawa kufuna Japan, masana n'kuitembenuzira kumadzulo kufuna America. Ife tili kum'mwera, ndiye kuti tsiku lonse tili m'mbali mwake. Iwe ukumumva bwinobwino ngati ali m'chipinda chomwecho chifukwa ali ndi mawati 1,500, ukamuitana kasanu, iye akungopitiriza CQ yake, kuitana aliyense amene angamuyankhe. Si mwano, sakukumva.

Ndiye lamulo la mapointi 3 lisinthidwe? Alipo amene amatero, ndipo njira ina ilipo kale. Mpikisano wa Stew Perry pa mamita 160 umawonjezera pointi pa makilomita 500 alionse, ndipo World Wide Digi umawonjezera pointi pa makilomita 3,000 alionse. Mu kawerengedwe kotere mtunda wathu wautali umasanduka phindu. Ndinaganizapo kwa nthawi ndithu, koma ine ndikuti lamulolo lisiyidwe. Ndi lamulo lomweli limene limakoka anthu kuchoka kwawo kupita ku zilumba ndi ku mayiko osowa, ndipo ndi lomweli limene limachititsa kuti Mzungu wa mlongoti wa mamita 40 asiye zonse akangoona 7Q yatulukira. Kwa iye ife ndife dziko latsopano komanso zoni yatsopano nthawi imodzi, ma mult awiri pa kulankhula kumodzi. Mukachotsa dongosolo limeneli, mwachotsa chinthu chokhacho chimene siteshoni yaing'ono ya kuno ili nacho chimene ndalama sizigula. Komanso palibe kawerengedwe kamene kangafananitse Mzuzu ndi Tenerife. Mukasintha lamulo, mwangosamutsa mzere, ndipo ena adzapezeka ali tsidya labwino la mzere watsopanowo.

Eni mpikisano amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amasindikizanso zotsatira za dziko ndi dziko, ndipo mbiri ya mapointi apamwamba amaisunga ya zoni ndi zoni. Vuto ndi la ife owerenga, amene timathamangira pamwamba pa tsamba. Ndipo pamene anthu a mpikisano anafunadi kudziwa kuti katswiri weniweni ndani, sanatsegule tsamba limeneli. Anayambitsa World Radiosport Team Championship, woyamba ku Seattle mu 1990. Amatenga matimu a anthu awiriawiri, n'kuwaika m'dera limodzi, mawati 100, eriyo yofanana, woyimbira mpikisano atakhala pambali pawo maola onse 24. Ku Russia mu 2010 anafika powakhazika m'matenti m'minda yathyathyathya kufupi ndi Moscow kuti pasapezeke wokhala pa chitunda. Ku Germany mu 2018 anapambana anali anyamata awiri a ku Lithuania, LY9A ndi LY4L, dziko limene malo ake sapatsa munthu mwayi uliwonse wa mapointi 3. Ngati pamafunika kuvutika konseku kuti luso lioneke palokha, ndiye kuti mndandanda wa masiku onse ukuyeza zinthu zambiri zosakanikirana.

Zikatero funso la mnyamata uja limasintha. Silikhalanso loti tingapambane bwanji D4C, koma loti kandalama kathu kochepa ndi maola athu tiziike pati. Apa ndili ndi maganizo olimba: osagula ampulifaya, chipangizo chokuzira mphamvu ya wailesi. Ndaona anthu akusunga ndalama zaka ziwiri kuti agule ampu, kwinaku eriyo yawo ndi waya womangirira pa mtengo wa mango, mamita anayi kuchokera pansi. Kuchoka pa mawati 100 kufika 1,500 ndi kuchulukitsa ka 15, pafupifupi madesibelo 12, ndipo pa mita ya wolandira singano imangokwera magawo awiri. Si zochepa, sindikana. Koma ampu imathandiza mbali imodzi yokha. Imakukweza mawu, siikutsegula makutu. Ukakhala dziko losowa n'kumafuula mwamphamvu koma osamva okuyankha, umangosonkhanitsa khamu la anthu okwiya. Kuwonjezera apo ampu yotere imafuna magetsi oposa makilowati awiri, pamene wailesi ya mawati 100 imakoka ma ampere pafupifupi 20 pa mavoti 13.8 ikamatumiza, ndi ochepa kwambiri ikamamvetsera. Magetsi akathima pakati pa usiku, wa mawati 100 amalumikiza batire ya sola n'kupitiriza. Wa ampu amayamba kufunafuna mafuta a jenereta. Ndipo m'mpikisano muli magulu: mawati 1,500, mawati 100, ndi mawati 5. Ukagula ampu wadzichotsa wekha m'gulu limene unali ndi mpata n'kudzilowetsa m'gulu la anthu a milongoti isanu.

Eriyo ndiyo imagwira ntchito mbali zonse ziwiri, ndipo yoyambira siifuna chuma. Dipole ndi mawaya awiri basi, kutalika kwake konse mumamita ndi 143 kugawa ndi ma megahertz. Pa bandi ya 20 ndi mamita 10, pa 15 ndi mamita 6.7, pa 10 ndi mamita 5, pa 40 ndi mamita 20, ndipo ya 40 yomweyo imagwiranso pa 15. Chofunika kwambiri kuposa mtundu wa waya ndi kutalika kwake kuchokera pansi. Dipole ikakhala pafupi ndi nthaka, mphamvu yake yambiri imapita mmwamba chilili, n'kugwera ku Tete kapena ku Chipata. Ikakwera theka la utali wa funde, mphamvu imanyamuka pa madigiri 30. Ikakwera utali wonse wa funde, imatsika kufika pa madigiri 14 kapena 15, ndipo pamenepo m'pamene Ulaya ndi America amayamba kukumva. Apa mpamene mabandi a 10 ndi 15 amatikomera ife osauka: mlongoti wa mamita 10 ndi funde lathunthu pa bandi ya 10, pamene pa 80 kuti ufike theka lokha ukufunika mamita 40.

Yanga ya 15 tinaikweza pa mapolo awiri a bulugama olumikiza ndi mabawuti, nsungwi pamwamba pake, zingwe za nayiloni zitatu zokokera m'mbali. Waya ndinamuyala kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, chifukwa dipole imamva cha m'mimba mwake osati kunsonga, ndipo Ulaya ali kumpoto kwathu. Ndinaudula wautali pang'ono dala. Timakweza, ndimayeza SWR, muyeso woonetsa ngati eriyo yagwirizana ndi wailesi, timatsitsa, ndimapinda masentimita awiri mbali iliyonse, timakwezanso. Kasanu konse, dzuwa la Okutobala lili pa liwombo, mnyamata uja atagwira chingwe manja atachita matuza. Madzulo a tsikulo siteshoni ya ku Italy imene sabata yapitayo ndinaiitana osandimva inandiyankha pa kuitana koyamba. Wailesi inali yomweyo, mawati omwewo. Chinasintha ndi mamita asanu a bulugama.

Amene angathe kupitirira apa, eriyo ya Moxon ya mawaya awiri kapena ya hexbeam imapangika ndi timitengo ta fayiba kapena nsungwi zouma bwino, ndipo Yagi ya ndodo zitatu imapatsa madesibelo 5 kapena 6 kuposa dipole, ngati kuti mawati 100 asanduka 300 kapena 400, uku ikuchepetsanso phokoso lochokera kumbuyo. Koma ndisanalimbikitse zimenezo, ndinganene za mdani amene wakula kwambiri m'matauni mwathu zaka zino, phokoso la ma inverter a sola, matchaja a foni otchipa ndi mababu a LED. Chaka china bandi ya 40 inandifera, singano itaima pamwamba usana ndi usiku. Ndinathimitsa magetsi a nyumba yonse, wailesi ndinaiika pa batire, phokoso linachepa ndi theka. Ndinayatsa chimodzichimodzi mpaka ndinapeza tchaja ya laputopu yanga yomwe. Theka linalo linali kwa aneba. Ndinapita ndi kawailesi kam'manja, ndinawamvetsera okha kulira kwake tikayandikira inverter yawo, ndipo anandilola kukulunga mawaya ake pa mphete za ferrite. Madesibelo amene ndinapeza tsiku limenelo palibe ampu ikanandipatsa.

Tsopano za kachitidwe pa mpikisano penipeni. Njira ndi ziwiri. Ina ndi kukhala pa frequency imodzi n'kumaitana CQ, anthu azikupeza, imene amati run. Ina ndi kuyendayenda m'bandi kusaka oitana n'kumawayankha. Mabuku ambiri a ku Ulaya ndi ku America amalangiza siteshoni yaing'ono kuti iziyendayenda, ndipo kwa iwo ndi malangizo abwino, chifukwa Mjeremani wa mawati 100 palibe amene akumusowa. Kwa ife malangizowo ndi otembenuka. Ukayendayenda umakaima pa mzere kumbuyo kwa anthu amphamvu, ukugogoda m'mbali mwa Yagi yosakumva. Ukakhala pamodzi n'kuitana, mphindi zoyamba zimakhala zouma, koma pakangopezeka mmodzi wokulemba pa DX cluster, malo a pa intaneti olengezerapo masiteshoni amene amveka, kapena pa Morse makina odzimvetsera okha a Reverse Beacon Network akangokutola, milongoti ya ku Ulaya imatembenukira kum'mwera. Pamenepo eriyo yawo yaikulu ija yayamba kukugwirira ntchito iwe. Pita cha kumtunda kwa bandi komwe kuli mpata, osalimbana ndi zimphona za kumunsi.

Khamu likafika m'pamene luso limayambira. Onse adina pa kompyuta malo amodzi, onse akuitana nthawi imodzi, ndipo pa Morse zimamveka ngati mluzu umodzi wautali. Ukatola zilembo ziwiri zokha, tumiza zomwezo ndipo ukakamire pomwepo mpaka mwini wake amalize dzina lake. Ukangolola wina wamphamvu kulowerera pamene unaitana wina, wauza khamu lonse kuti mwambo palibe, ndipo sudzalibwezanso. Dzina lako uzilinena pafupipafupi. Zimandipweteka kumva siteshoni yosowa ikutha mphindi zisanu osanena call sign, anthu akungodalira zimene zalembedwa pa cluster, zomwe nthawi zina zimakhala zolakwika. Amene akuvutika kwambiri ndi khalidwe limeneli ndi munthu wopikisana popanda intaneti, amene wakhala chete akudikira kuti adziwe amene akumumva.

Za kusintha bandi ndinena mwachidule. Kuno m'mawa 15 ndi 10 zimatsegukira ku Asia, Ulaya amakhalapo pafupifupi tsiku lonse, America amayamba masana mpaka madzulo, 20 imagwira madzulo ndi m'mamawa, 40 usiku. Zaka zino dzuwa, limene limapatsa mphamvu ionosphere ija, latithandiza: nyengo yake ya zaka 11 imene inayamba mu Disembala 2019 inafika pachimake cha mu 2024, ndipo bandi ya 10 inali ngati msika. Ikamatsika, 10 iyamba kutseka msanga ndipo tidzatsamira pa 15 ndi 20. Choopsa ndi dyera. Uli pa run yabwino, wamva kuti zoni yosowa yatulukira pa bandi ina, wasiya malo ako, wakaima pa mzere mphindi 20 osalowa, pobwerera wapeza pa frequency pako pakhala wina. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Akatswiri amayendetsa mawailesi awiri nthawi imodzi, khutu lililonse bandi yake, koma zimenezo n'za pambuyo pa zaka zambiri. Kwa woyamba kuli gulu la Classic, wailesi imodzi, popanda cluster, maola 24 okha ndiwo amawerengedwa. Kulinso gulu la Rookie la amene laisensi yawo sinakwane zaka zitatu, ndi la Youth la azaka 25 kutsika pansi. Magulu amenewa anapangidwira anthu ngati ife, ndipo ndimadabwa kuti sitiwagwiritsa ntchito mokwanira.

Tafika tsopano pa pepala lija. Mpikisano ukatha uli ndi nthawi yochepa yotumiza logi yako, yolembedwa mu mtundu wa fayilo wotchedwa Cabrillo. Ambiri amathamangira kulengeza mapointi awo pa tsamba la pa intaneti la 3830, koma amenewo ndi odzinenera okha. Komiti imatenga malogi masauzande n'kuwayerekeza onse pa kompyuta, mzere ndi mzere, kenako aliyense amalandira lipoti lakelake limene anthu amalitcha UBN. Limakuonetsa mayina amene unawamva molakwika, amene unawalemba koma iwo sanakulembe, ndi amene sapezeka mu logi ya wina aliyense koma yako. Ukalakwitsa call sign, kapena mnzako akapanda kukulemba, amakuchotsera mapointi a kulankhulako n'kukulipitsanso kawiri. Pa kulankhula kwa mapointi 3 ndiye kuti wataya 9, ntchito ya masiteshoni atatu, ndipo ngati anali mult yako yokhayo ya dziko limenelo, yapitanso.

Ripoti ya 59 imene timapatsana, yoti ndikukumva bwino kwambiri, ilibe tanthauzo, aliyense amapereka 59 ngakhale akumva movutikira. Zoni nayo pulogalamu ngati N1MM imakulembera yokha ukangolowetsa dzina. Ndiye mu mpikisano umenewu chimene khutu la munthu likuyesedwa nacho ndi chimodzi, kumva call sign molondola. Pa Morse S ndi timadontho titatu, H tinayi, 5 tisanu. B ndi 6 zimasiyana ndi kadontho kamodzi, V ndi 4 chimodzimodzi. Pa liwiro la mpikisano, m'kati mwa mabingu, 3 koloko usiku wachiwiri, kadontho kamodzi kameneko ndiko kamasiyanitsa anthu. Lipoti langa loyamba nditalitsegula ndinapeza kuti zolakwa zanga zambiri zinali H amene ndinamulemba S, ndipo pafupifupi zonse zinagwa m'maola omaliza a usiku wa Loweruka, pamene ndinakana kugona. Ndinaphunzira zinthu ziwiri zimene mndandanda wa opambana sukanandiuza: ndiyeserere zilembo za timadontho, ndipo ndizigona maola atatu pamene mabandi ali chete m'malo molimbira mpando ndi mutu wolemera. Chaka chotsatira mapointi anga sanakwere kwambiri chifukwa mabandi sanali bwino, koma zolakwa zinatsika, ndipo ndinadziwa kuti chimenecho ndachita ndine, osati dzuwa kapena mapu.

Lipoti limeneli ndilo lofanana kwa aliyense. Wa ku Cape Verde ndi wa ku Embangweni m'boma la Mzimba, kumene siteshoni ya 7Q6M yakhala ikumveka pa mipikisano, onse amayezedwa ndi muyeso umodzi: pa anthu 100 amene unawalemba, unalakwitsa angati? Ndingakonde kuti pamene tikukambirana zotsatira m'magulu athu, nambala imeneyi izibwera patsogolo, kenako malo ako mu zoni 37 kapena 36 kapena 38, kenako kuyerekeza ndi chaka chako chatha. Ndingakondenso kuti alendo amene amabwera kudzapikisana kuno ndi call sign ya 7Q azisiya mpando wachiwiri kwa mwana wa m'deralo, ngakhale zitawachepetsera liwiro. Akanyamula ma mult athu n'kupita osasiya munthu wodziwa kuwapereka chaka chamawa, zoni 37 idzakhalabe malo ongochezeredwa.

Ndipo logi muzitumiza, ingachepe bwanji. Ndamvapo anthu akuti ndinangolankhula ndi masiteshoni 40, manyazi. Logi yanu ndiyo umboni wa anthu 40 aja kuti analankhuladi ndi Malawi, ndiyo imathandiza komiti kugwira onama, ndipo popanda iyo lipoti la zolakwa zanu simulandira.

Mnyamata uja ndinamutsegulira lipoti langa la chaka chimenecho, ndinamuonetsa mzere umene ndinalemba S m'malo mwa H, ndinamupatsa mahedifoni n'kumuimbira zilembo ziwirizo mosinthanasinthana pa liwiro lokwera. Pa khumi anaphonya zitatu. Sabata yotsatira anaphonya chimodzi. Laisensi yake ikatuluka Novembala asanafike, adzalowa gulu la Rookie pa bandi ya 15 yokha, masana onse awiri, ine nditakhala pambali osakhudza kiyi yotumizira Morse. Bulugama wachitatu tadula kale, akuuma kuseri kwa nyumba, woti tikwezere dipole ina yoloza ku Japan.